Kodi zipembedzo zonse zimafika kwa Mulungu mmodzi? Nanga kusakaniza kumayambira pati?

Pa 13 Sepitembala 2024, malemu Papa Francis adautsa mapiri pachigwa. Akucheza ndi achinyamata a zipembedzo zosiyanasiyana ku Singapore, adati zipembedzo zonse ndi njira zofikira kwa Mulungu, ndipo adaziyerekeza ndi zilankhulo zosiyanasiyana zomwe anthu amayankhulira za Mulungu yemweyo. Nkhaniyi idafala msanga. Ena adaomba m'manja, pamene ena, kuphatikizapo Akatolika amene, adafunsa kuti nanga Yohane 14:6, pomwe Yesu akuti palibe wofika kwa Atate osadzera mwa Iye, aikidwa pati. M'mikangano yotere mumamveka mawu awiri a Chingerezi, pluralism ndi syncretism, ndipo ambiri amawatchula ngati ndi mapasa. Chikhalirecho mawuwa amayankha mafunso awiri osiyana, ndipo chisokonezo chambiri chimayambira pa kuwaphatikiza.

Funso la mnansi ndi funso la mumphika mwako

Pluralism ndi mawu a matanthauzo awiri. Loyamba ndi losavuta: zipembedzo n'zambiri ndipo zikukhalira limodzi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 77 ndi Akhristu ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa aliyense ufulu wopembedza. Apa palibe mkangano. Mkangano uli pa tanthauzo lachiwiri, lomwe ndi chiphunzitso choti zipembedzo zikuluzikuluzi zonse ndi njira zoona zofikira kwa Mulungu, popanda ina yoposa inzake. Funso lake ndi lokhudza mnansi: kodi a shehe aku Mangochi, kapena agogo athu amene adatsikira kulichete amishoni asanafike, Mulungu amawaona motani?

Syncretism ndi kusakaniza zikhulupiriro kapena miyambo ya zipembedzo ziwiri mpaka kutulukapo chinthu china. Funso lake likukhudza za mumphika mwako: zomwe waikamo iwe mwini, kodi zikadali Chikhristu? Mawuwa adachokera kwa Plutarch, mlembi wa Chigiriki, amene ankanena za anthu a pachilumba cha Crete: ankamenyana okhaokha, koma mdani akabwera ankagwirizana. Poyamba, tsono, adali mawu oyamikira. Adasanduka chitonzo m'zaka za m'ma 1600 ku Germany, pamene Georg Calixtus ankayesa kuyanjanitsa a Lutheran ndi mipingo ina, anzake n'kumamunena kuti akusakaniza choona ndi chonama. Kuchokera pamenepo, n'kovuta kupeza Mkhristu wodzitchula yekha kuti ndi wosakaniza. Nthawi zambiri dzinali limachokera kwa wina amene akukuweruza.

Kuti muone kuti mafunsowa ndi awiridi, taganizirani mkulu wa mpingo amene amalalikira mwamphamvu kuti kunja kwa Yesu kulibe chipulumutso, koma nyumba yake n'njotsirika ndipo m'chiuno muli chithumwa. Pa funso la mnansi ndi wokhwimitsa zinthu, koma mumphika mwake wasakaniza. Wina angakhulupirire kuti Msilamu wokhulupirika adzaona nkhope ya Mulungu, chonsecho iye sadaphonyepo Misa ndipo kwa sing'anga sadapondeko.

Mayankho atatu pa funso la mnansi

M'chaka cha 1983, wansembe wa Anglican wa ku England, Alan Race, adagawa mayankho a Akhristu m'magulu atatu, ndipo kagawidwe kameneka n'komwe kamaphunzitsidwa m'masukulu ambiri a zaubusa mpaka lero, ngakhale ambiri amati n'kopapatiza.

Gulu loyamba limati khomo ndi limodzi, ndipo wolowapo ayenera kulidziwa ndi kuvomereza Khristu ndi pakamwa pake. Limatsamira pa Yohane 14:6 ndi Machitidwe 4:12, pomwe akuti palibe dzina lina pansi pa thambo lopulumutsa anthu. Cyprian, bishopu wa ku Carthage kumpoto kwa Africa m'zaka za m'ma 200, ndiye amadziwika ndi mawu oti kunja kwa Mpingo kulibe chipulumutso. Pangano la ku Lausanne la 1974, lomwe mipingo yambiri ya chievanjeliko imatsatira, lidakana poyera maganizo oti Khristu amayankhula mofanana kudzera m'zipembedzo zonse. Mphamvu ya gululi n'njakuti limatenga mawu a Yesu monga alili. Chomwe chimalivuta ndi funso la makolo: Mulungu amene 1 Timoteo 2:4 akuti afuna anthu onse apulumuke, angataye bwanji mibadwo yonse imene sidamvepo Uthenga? Ena m'gululi amayankha kuti chiweruzo chimenecho n'cha Mulungu yekha.

Gulu lachiwiri limavomereza kuti wopulumutsa ndi Khristu yekha, koma limati chisomo chake chimafika ngakhale kwa amene sadziwa dzina lake. Munthu wa ku Ndirande amatunga madzi pampope n'kupha ludzu, mwina asakudziwa kuti madziwo apopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry. Kusadziwa kwake sikusintha gwero la madziwo. Maganizowa ndi akale: Justin Martyr, m'zaka za m'ma 100, ankati mbewu za Mawu a Mulungu zidafesedwa mwa anthu a mitundu yonse. Karl Rahner, wansembe wa chipani cha Jesuit wa ku Germany, adafika potchula anthu otere kuti ndi Akhristu osadzidziwa. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, womwe udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, udaphunzitsa kuti amene sadziwa Uthenga popanda kulakwa kwawo, koma akufunafuna Mulungu ndi mtima woona ndi kumvera chikumbumtima chawo, angathe kupulumuka. Chikalata chake chotchedwa Nostra Aetate chidati Mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina.

Odzudzula amati pamenepa pali kudzikuza kobisika. Msilamu adapempha ndani kuti amulembe m'kaundula wa Akhristu iye asakudziwa? Katswiri wina wa Chibuda wa ku Japan, Keiji Nishitani, adafunsa Rahner kuti angamve bwanji atatchedwa Mbuda wosadzidziwa, ndipo Rahner adayankha kuti angakuone ngati ulemu. Mpingo wa Katolika udaikanso malire m'chaka cha 2000 kudzera m'chikalata cha Dominus Iesus, chosainidwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger: zipembedzo zina sizingatengedwe ngati njira zoima pazokha pambali pa Khristu. Ichi n'chifukwa chake mawu a ku Singapore aja adadzidzimutsa anthu. Owaikira kumbuyo adati Papa ankacheza ndi achinyamata, sankalemba chiphunzitso, ndipo mawuwo akhoza kumveka mogwirizana ndi gulu lachiwirili. Otsutsa adati momwe adamvekera, adalowa m'gulu lachitatu.

Gulu lachitatuli limadziwika kwambiri ndi John Hick, katswiri wa ku Britain. Atasamukira ku Birmingham mu 1967, adayamba kulowa m'mizikiti, m'masunagoge ndi m'makachisi a Ahindu ndi Asikh, ndipo adaona ngati zochitika mmenemo n'zofanana ndi za m'tchalitchi: anthu akutembenuka kuchoka pa kudzikonda n'kuloza kwa Wamkulukulu. Adati monga Copernicus adaonetsa kuti dziko ndilo limazungulira dzuwa, nazonso zipembedzo zonse, Chikhristu chomwe, zimazungulira Mulungu mmodzi amene palibe chingamufotokoze chonse. Fanizo lokondedwa m'gululi ndi la ku India, la akhungu ogwira njovu: wogwira mwendo ati ndi mtengo, wogwira khutu ati ndi lichero.

Lesslie Newbigin, amene adatumikira zaka zambiri ku India, adafunsa funso lomwe silinathebe mphamvu: wokamba nthanoyi waiona bwanji njovu yonse, poti ena tonsefe ndife akhungu? Wonena kuti aliyense akugwira mbali chabe, ndiye kuti akudziika yekha pamalo pa wopenya. Palinso vuto lina. Pa depoti, si kondakitala aliyense akuitanira ku Lilongwe. Chibuda cha ku Sri Lanka ndi Thailand sichiphunzitsa za Mulungu Mlengi n'komwe. Akhristu amati Yesu adapachikidwa nauka kwa akufa, pamene Korani, pa sura 4 ndime 157, imati sadamuphe ndipo sadamupachike. Kuti zonsezi zikhale njira imodzi, wina ayenera kuuzidwa kuti chomwe amachiyesa phata la chikhulupiriro chake ndi fanizo chabe, ndipo Asilamu ambiri amakana zimenezi mofanana ndi Akhristu ambiri.

Dzina lomwe amishoni adalipeza kuno

Kwa ife oyankhula Chichewa, nkhaniyi ili pakamwa pathu penipeni. Amishoni atafika adapeza anthu akutchula kale Mulungu, Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi. Adapeza nthano ya pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, pomwe akuti anthu oyamba ndi nyama adatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe. Adapeza akachisi opempherako mvula monga wa ku Msinja, komwe kunali Makewana. Omasulira Baibulo adayenera kusankha: abwere ndi dzina lachilendo, anthu aziona ngati Mulungu wa m'Baibulo ndi wa azungu, kapena atenge dzina lakale pamodzi ndi katundu yense amene dzinalo lidasenza.

Adatenga lakale. Buku Lopatulika la 1922 lidagwiritsa ntchito dzina loti Mulungu, koma pa dzina lenileni la Mulungu wa Israele lidalemba kuti Yehova. Buku Loyera la 1998, lomwe Akatolika ndi Apulotesitanti adamasulira limodzi, lidapita patsogolo: pamalo pa Yehova lidaika Chauta. Ndiye kuti dzina lomwe makolo ankaitana pothira nsembe pansi pa mtengo wa msolo, lero likuwerengedwa paguwa kuti ndi la Iye amene adayankhula ndi Mose pa chitsamba choyaka moto. Kodi uku n'kumasulira, kapena n'kusakaniza? Ambiri amene amadzudzula kusakaniza amapemphera ndi maina amenewa tsiku lililonse osaona vuto, ndipo ali ndi zifukwa zake.

Chifukwa chachikulu n'chakuti Baibulo lenilenilo lidachita zomwezo. Pa Genesis 14, Melkizedeki, mfumu ya ku Salemu yemwe sadali wa banja la Abrahamu, akudalitsa m'dzina la Mulungu Wam'mwambamwamba, ndipo Abrahamu akulandira dzinalo ngati la Mulungu wake. Chipangano Chatsopano chidalembedwa m'Chigiriki, ndipo liwu lomwe chimatchulira Mulungu ndi lomwelo Agiriki ankatchulira milungu yawo. Pa Machitidwe 17, Paulo ali ku Atene akupeza guwa lolembedwa kuti “Kwa Mulungu Wosadziwika”, n'kuuza anthuwo kuti amene akumupembedza osamudziwa ndi yemwe iye akumulalika. Akutchulanso mawu a alakatuli awo. Koma werengani mpaka kumapeto: Paulo yemweyo akuwauza kuti atembenuke mtima, ndipo atatchula za kuuka kwa akufa, ena akumuseka. Magulu onse atatu aja amathamangira ku mutu umenewu, aliyense n'kudula ndime yomukomera.

Akatswiri a mu Africa adagawikana pomwepa. John Mbiti wa ku Kenya ankati amishoni sadabweretse Mulungu ku Africa, koma Mulungu amene adali kuno kale ndiye adawabweretsa. Kwame Bediako wa ku Ghana ndi Lamin Sanneh wa ku Gambia adaona kuti kumasulira Baibulo m'zilankhulo zathu kudavomereza mwakachetechete kuti makolo ankamudziwa Mulungu, ngakhale pang'ono. Byang Kato wa ku Nigeria, amene adamwalira mu 1975, adachenjeza kuti maganizo otere akapitirira malire adzachititsa anthu kuona ngati Uthenga udangobwera kudzavomereza zomwe zidalipo kale. Kwa iye dzina likhoza kukhala lakale, koma tanthauzo lake liyenera kudzazidwa mwatsopano ndi Malemba.

Mkangano wotere udavutapo kwambiri ku China. Matteo Ricci, wa Jesuit amene adamwalira ku Beijing mu 1610, adalola Akhristu a kumeneko kutchula Mulungu ndi maina akale a Chitchaina ndiponso kupitiriza kugwadira zikwangwani za makolo awo, ponena kuti umenewo ndi ulemu, si kupembedza. A zipani za Dominican ndi Franciscan adati ndi mafano basi. Roma idaletsa miyamboyo mu 1704, n'kutsindikanso mu 1742, ndipo mfumu ya China idakwiya n'kuyamba kutsekereza amishoni. Mu 1939, pansi pa Papa Pius XII, Roma yomweyo idalola yambiri mwa miyambo ija. Kugwada kudali komweko, koma chigamulo chidatembenuka patapita zaka pafupifupi 200.

Ufa wa chinangwa ukachuluka

Baibulo lili ndi machenjezo akuthwa pa kusakaniza. Pa 2 Mafumu 17:33 akunena za anthu a ku Samariya amene ankaopa Yehova uku akutumikira milungu yawo. Eliya pa phiri la Karimeli adafunsa Aisraele kuti adzakayikakayika mpaka liti pakati pa Yehova ndi Baala, zomwe akuluakulu athu akadangoti mapanga awiri avumbwitsa. Chochititsa chidwi ndi nkhani ya mwanawang'ombe wagolide pa Eksodo 32: Aroni ataumba fanolo adalengeza kuti mawa kuli chikondwerero cha Yehova. Iye sankaona ngati wasintha Mulungu. Kusakaniza nthawi zambiri kumachitika m'dzina lolondola.

Chitsanzo chomwe akatswiri ambiri sakanganapo ndi cha ku Cuba ndi Brazil. Akapolo ochokera kwa Ayoruba, ataumirizidwa kubatizidwa, adabisa milungu yawo kuseri kwa oyera a Chikatolika, kotero kuti ku Cuba wogwadira chithunzi cha Barbara Woyera akhoza kukhala akupembedza Shango, mulungu wa ziphaliwali. M'kupita kwa nthawi padabadwa zipembedzo zatsopano, Santería ndi Candomblé.

Koma Chikhristu chopanda chikhalidwe cha anthu sichidakhalepo. M'chaka cha 601, Papa Gregory Wamkulu adalembera amishoni a ku England kuti asagwetse akachisi a anthuwo, angochotsamo mafano n'kuwasandutsa matchalitchi. Akatolika ntchito yotere amaitcha inculturation, kutanthauza kuti Uthenga umere mizu m'chikhalidwe cha eni dera n'kuchisintha kuchokera m'kati. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher a ku Canada adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, komwe zosema za m'tchalitchi zimaonetsa Yesu ndi Maria ndi nkhope zathu, ndipo zigoba za gule wamkulu zimasungidwa ndi kufotokozedwa. Dera lomwelo m'zaka za m'ma 1920 lidali bwalo la nkhondo ya mawu pakati pa ansembe ndi akudambwe, polimbirana ana asukulu. Sinodi ya Nkhoma idatsata njira ina: idaletsa chinamwali cha kumudzi, koma poona kuti ana sangakule opanda mwambo, idakhazikitsa chilangizo, alangizi n'kutenga malo a anamkungwi.

Kubwerekana kumayenda mbali zonse. Akudambwe nawo adasema Maliya ndi Simoni, zilombo zochokera m'nkhani za amishoni. Ku Nsanje, wansembe wofufuza za chikhalidwe, Matthew Schoffeleers, adapeza anthu ena akufotokoza Mbona wa ku Khulubvi ngati Yesu wa anthu akuda, wophedwa wosalakwa amene magazi ake adasanduka mtsinje.

Tsono malire ali pati? Mayi akathira ufa wa chinangwa pang'ono mu ufa wa chimanga, banja limadya n'kumati ndi nsima yathu ya masiku onse. Akapitiriza kuthira, pena pake imasanduka kondowole, koma palibe angaloze chipande chenicheni chomwe chidasintha zinthu. (Chimanga chomwecho, tisaiwale, ndi mlendo wochokera ku America, ndipo lero palibe amachitcha chakudya cha azungu.) Akatswiri amayesa ndi mafunso angapo. Kodi pempheroli likupita kwa yani? Potchula agogo pamanda, tikuwakumbukira kapena tikuwapempha mvula ndi ana? Chikadwalitsa mwana, mtima ukuthamangira kuti poyamba? Mafunsowa amathandiza, koma mayankho ake amakhala mumtima mwa wochitayo, ndipo anthu awiri oima pa chiliza chimodzi akhoza kukhala akuchita zinthu ziwiri zosiyana. N'chifukwa chake Charles Nyamiti wa ku Tanzania atatchula Khristu kuti ndi Kholo lathu, ena adamva Uthenga womveka bwino m'makutu a Mwafrika, ena adamva Yesu akutsitsidwa kukhala mmodzi wa mizimu.

Paul Hiebert, mmishoni amene adagwira ntchito ku India, adafotokoza chifukwa chake anthu amakhala kutchalitchi masana, kwa sing'anga usiku. Adati amishoni a kumayiko a azungu adabwera ndi mayankho a zakumwamba ndi mayankho a kuchipatala, koma za pakati adazisiya: maloto oipa, ufiti, kusabereka, tsoka losatha pabanja. Anthu adapita komwe mafunso amenewa amayankhidwa. Mipingo ya chipentekoste idakula msanga mwa zina chifukwa idalowa m'bwalo limeneli, komabe nayo ikufunsidwa funso lomwelo: botolo la mafuta odzozedwa lomwe munthu wapachika pakhomo kuti mfiti zisalowe, likusiyana bwanji ndi nsupa? Eni ake amatchula nsalu za Paulo za pa Machitidwe 19 zomwe zinkachiritsa odwala. Owadzudzula amati chasintha ndi botolo lokha.

Chala choloza kusakaniza chakhala chikuloza kwambiri ku Africa, ndipo akatswiri a kuno amati uku n'kukondera. Mpingo wa Dutch Reformed ku South Africa udaikira kumbuyo tsankho la apartheid ndi mavesi, mpaka bungwe la mipingo ya Reformed pa dziko lonse lidagamula mu 1982 ku Ottawa kuti chimenecho ndi chiphunzitso chonyenga. Kumeneko kudali kusakaniza Uthenga ndi kupembedza mtundu, ngakhale padalibe ng'oma kapena nsembe yaufa.

Pamaliro, paukwati ndi pabwalo la msonkhano

Nkhanizi zimatuluka m'mabuku n'kufika pakhomo. Zimafika pamene mwana wa Mkhristu akufuna kukwatiwa ndi Msilamu, pamene bwalo la mpingo likukambirana zodula munthu chifukwa adapezeka ku sadaka kapena kudambwe, pamene mfumu yolowa ufumu ili mkulu wa mpingo ndipo mwambo ukufuna gule. Zimafikanso pa misonkhano ya boma, pomwe abusa amatsegula ndi pemphero, a shehe n'kutseka.

Kugwirira ntchito limodzi sikudikira kuti mafunsowa ayankhidwe. Bungwe la Public Affairs Committee, lomwe lidabadwa mu 1992 pa nthawi yomenyera ndale za zipani zambiri, lidaika Akatolika, Apulotesitanti ndi Asilamu pa tebulo limodzi popanda wina kusiya chikhulupiriro chake. Papa John Paul II ataitana atsogoleri a zipembedzo ku Assisi pa 27 Okutobala 1986, okonza mwambowo adasamala mawu: adati asonkhana pamodzi kuti apemphere, osati kuti apemphere pemphero limodzi. Gulu lililonse lidapemphera palokha. Ngakhale zidali choncho, ena adati ndi kusakaniza ndithu.

Pali nkhani ina pa 2 Mafumu 5 yomwe magulu onse amaiwerenga mosamala. Namani, kazembe wa ku Siriya, atachiritsidwa khate akulonjeza kuti sadzaperekanso nsembe kwa mulungu wina koma Yehova. Kenaka akupempha chinthu chimodzi: ntchito yake imafuna kuti aziperekeza mfumu yake m'kachisi wa Rimoni, ndipo mfumuyo ikagwada itatsamira pa dzanja lake, iyenso amagwada. Akupempha kuti Yehova azimukhululukira pa chimenechi. Mneneri Elisa sakumuuza kuti asiye ntchito, sakumuuzanso kuti palibe cholakwika. Akungoti, “Pita mumtendere.” Ena amamva chilolezo m'mawu amenewa, ena amamva kutsanzikana chabe, ndipo buku la Mafumu silitiuza zomwe Namani adakachita atafika kwawo.